Malinga awiri a ku Mulanje ndi njira ya kunyanja ya mchere

Ukaima pamsika wa Chinakanaka n'kuyang'ana kotulukira dzuwa, maso sapita patali. Phiri la Mulanje latseka mbali yonseyo, kuyambira pathanthwe la Chambe mpaka kummwera kumene kuli minda ya tiyi. Kuseri kwa phirilo ndi ku Mozambique, ndipo woyendabe makilomita oposa 300 amakafika ku Quelimane, kufupi ndi nyanja ya mchere. Ambiri mwa ife nyanjayo sitinaionepo. Chimene timadziwa ndi katundu wochokera mbali imeneyo: chimanga cha ku Milange chimene anyamata amakankha panjinga, nyemba, nsomba zouma ndi zina zotero, zina zodzera pachipata cha Muloza, zina m'tinjira ta m'minda timene a kasitomu sangatilondere tonse.

Njira imeneyi ndi yakale kuposa phula limene lili pamwamba pake. Phiri ili silikwereka ndi mtolo pamutu, paja nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002. Choncho kuyambira kale, wochoka kumapiri a Blantyre ndi Chiradzulu kapena kuchigwa cha Chilwa kupita kunyanja ankayenera kusankha: alizungulire chakummwera, kudzera kumene kuli Boma lero n'kukaoloka Muloza, kapena alowe chakumpoto, pampata umene uli pakati pa Mulanje ndi Michesi. Njira zikuluzikulu zinali ziwirizo, ndipo mu 1893 Angerezi anamanga linga pa iliyonse: Fort Anderson kummwera, Fort Lister pampata. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja ya mchere, komabe malinga awiriwa anamangidwa chifukwa cha nyanja imeneyo, ndipo kuti timvetse bwino tiyambe taona kumene njirayo inkathera.

Kugombeko malinga analiko kale, akuluakulu zedi. Lotchuka ndi São Sebastião, pansonga ya kumpoto ya chilumba cha Ilha de Moçambique. Apwitikizi anayamba kulimanga mu 1558, potsata pulani ya mmisiri wa mfumu yawo, Miguel de Arruda, ndipo ntchitoyo inadya zaka zoposa 50. Anagwiritsa ntchito miyala ya m'nyanja momwemo ndi laimu. Makoma ake ndi okhuthala kwambiri, chifukwa pofika nthawi imeneyo mzinga unali utayamba kale kugwetsa makoma aatali koma opyapyala a ku Ulaya. Pangodya zake zinayi khoma limatulukira kunja n'kupanga nsonga yaikulu. Nsongazo sizinali zokongoletsa. Mzinga wokhala pansonga imodzi unkatha kuombera motsata khoma mpaka kukafika pansonga inzake, motero mdani wofika ndi makwerero analibe poti n'kubisala ngakhale atakhala patsinde penipeni pa khomalo.

Nzeru imene imandichititsa chidwi kwambiri pa linga limeneli ndi ya madzi. Pachilumbacho palibe mtsinje. Amisiriwo anamanga madenga a nyumba zonse za m'kati mopendekera kungalande, ndipo ngalandezo zinkatsogolera madzi a mvula kuthanki yaikulu yomanga ndi miyala. Linga limagwa ndi ludzu msanga kusiyana ndi zipolopolo. Adatchi atalizinga mu 1607 ndi mu 1608 anatentha tawuni ya pachilumbacho, koma lingalo linawakanika, lisanathe n'komwe kumangidwa. Linzake la ku Mombasa, Fort Jesus, limene linayambidwa mu 1593, linagwa mu 1698 m'manja mwa Aluya a ku Oman atalizinga kwa zaka pafupifupi zitatu, njala ndi matenda zitamaliza anthu m'katimo.

Tsono mdani amene São Sebastião ankamudikirira anali wobwera pachombo. Munthu wa kumtunda lingalo linalibe naye ntchito yomuteteza. Linkalondera msika, kuti phindu la gombelo lisagwe m'manja mwa mlendo wina. Poyamba malonda ake anali golide, kenaka minyanga ya njovu imene Ayao ankabwera nayo ku Mossuril, kutsidya kwa chilumbacho, m'zaka za m'ma 1700. Pambuyo pake katundu wamkulu anadzakhala anthu. Mu Disembala 1794 sitima yotchedwa São José inanyamuka pachilumbacho ndi akapolo oposa 500 kulinga ku Brazil, n'kukasweka pamiyala ku Cape Town. Pafupifupi 200 anamira, ndipo opulumuka anawagulitsa konko. Sitima imeneyo inatuluka padoko ikudutsa pamaso pa mizinga ya lingalo, ndipo panalibe mzinga umene unalira.

Njira ya kuno kwathu inkathera makamaka ku Quelimane ndi m'madoko ang'onoang'ono a m'gombe limenelo. Portugal inaletsa kutumiza akapolo kunja mu 1836, koma lamulo la ku Lisbon silinkafika m'mathiriro a mitsinje. Zombo za Aluya zinkalowa m'mitsinjemo usiku n'kunyamula anthu kupita nawo ku Madagascar ndi ku Comoros, ndipo Afalansa ankatenga ena kupita nawo kuminda ya nzimbe ya ku Réunion ponamizira kuti ndi antchito olembedwa mwakufuna kwawo. Bola wogula analipo kugombe, kumtunda kunkapezeka wogulitsa.

Ayao anafika mbali ino cha m'ma 1860, nawonso akuthawa njala ndi nkhondo kwawo. Anapeza Amang'anja, anthu a khasu, thonje ndi ng'anjo zosungunulira chitsulo, opanda mfuti zokwanira. Mu Julaye 1861 David Livingstone ndi Bishopu Mackenzie anakumana ndi gulu la akapolo 84 pamudzi wa Mbame n'kuwamasula, ndipo nthawi imeneyo moto unali utangoyamba kumene. Pofika m'ma 1880 kuzungulira phiri lino kunali mafumu a Chiyao amphamvu: Chikumbu, Mkanda, Mthiramanja, Matipwiri, Nyaserera. Tisanamizane kuti anali Ayao okha. Mafumu ena a Chimang'anja ankagulitsa anthu awo, a mlandu ndi amasiye. Ankhondo a Matakenya, mwana wa mabanja a Chipwitikizi a ku Zambezi, anasakaza chigwa cha Shire, ndipo Angoni anaoloka Shire mu 1884 n'kugwira anthu mpaka kumapiri kuno. Malondawo anali ndi msampha wake. Kugombe kunkachokera nsalu, mikanda, mchere, mfuti za gogodela ndi onga. Mfumu yopanda onga inkaona anthu ake akugwidwa, ndipo onga unkagulidwa ndi minyanga kapena anthu. Njovu zitayamba kusowa, anatsala ndi anthu.

Chida cha ulendowo chinali goli. Ankadula mtengo wa mphanda wolemera ndithu, n'kulowetsa khosi la munthu pamphandapo, kenaka n'kutseka kumapeto ndi kachitsulo. Poyenda, thunthu la goli la wina ankalimangirira ku la mnzake, kapena wa kumbuyo ankalisenza paphewa. Usiku ankalimangirira kumtengo. Amayi ndi ana ankangowamanga chingwe, akusenza ufa ndi minyanga. Pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi panadutsa magoli ochuluka, chifukwa ukangotsetsereka mbali inayo watsala pang'ono kulowa m'dziko limene panalibe wokufunsa.

Makolo a mbali zino nawonso ankadziwa kumanga malinga, ndipo mamangidwe awo sanali achibwana. Ku Zambezi, pamene Luenha amathira, panali linga la Massangano la mtsogoleri wotchedwa Bonga. Ankazika mitengo yaiwisi mothithikana kuti iphuke ndi kumera mizu, n'kuunjika dothi kumbuyo kwake, n'kusiya timabowo toonetsera mfuti. Mpanda wamoyo wotere sugwira moto, chiswe sichiudya, ndipo chipolopolo cha mzinga chimangolowa m'dothi n'kuzizira. Pakati pa 1867 ndi 1869 Apwitikizi anatumizako magulu a nkhondo kangapo konse, ndipo onse anabwerako manja ali m'khosi, ena osabwerako n'komwe. Kuno ku Mulanje mafumu sanavutike ndi zonsezo. Phiri lenilenilo ndilo linali linga. Ankamanga midzi m'mphepete mwake, pakati pa matanthwe, pomwe njira yokwerera ndi imodzi ndipo amuna ochepa a mfuti akhoza kuimitsa khamu. Zinthu zikathina ankakwera pamwamba kapena kuolokera kutsidya.

Za ndale za azungu tidutsepo msanga. Mu 1889 Serpa Pinto anakwera Shire ndi asilikali a Chipwitikizi n'kumenyana ndi Amakololo. Mu Januwale 1890 Britain inaopseza Portugal kuti ichotse asilikali ake, ndipo pangano la mu Juni 1891 linaika malire motsata Ruo ndi Muloza. Phiri linagwera mbali ya Angerezi, gombe linatsala kwa Apwitikizi, njira yakale ija n'kuduka pakati ndi mzere wa papepala. Harry Johnston anafika mu Julaye 1891 kudzakhala bwanamkubwa woyamba, ali ndi Kaputeni Cecil Maguire ndi asilikali a ku India pafupifupi 70, ndiponso mapaundi 10,000 pachaka ochokera kwa Cecil Rhodes.

Nkhondo yoyamba ya boma latsopanolo inachitikira kuno, mwezi womwewo. Anapita kukamenya Chikumbu. M'buku lake la British Central Africa, Johnston akufotokoza kuti mfumu yakale ya Amang'anja, Chipoka, isanamwalire mu 1890 inapereka dziko lake m'manja mwa Mfumukazi ya ku Britain, ndipo kuti Chikumbu anali mlendo wopondereza eni dziko. Koma chimene chinawadzutsa mofulumira chotero chinali dandaulo la azungu olima khofi, amene Chikumbu ankawavutitsa. Ine ndimaona kuti zonse ziwiri n'zoona, ndipo palibe chifukwa chobisira chimodzi. Chikumbu ankagulitsadi anthu. Komanso mfumu iliyonse yoona alendo akutsegula minda m'dziko limene ikulamulira ikanafuna mtulo, ndipo Johnston sakanalola kuti mzungu apereke mtulo kwa munthu wakuda. Maguire anatentha midzi yake, mbale wake anagwidwa, mwini wake n'kuthawa. Maguire sanakhalitse. Anaphedwa mu Disembala chaka chomwecho kunyanja yathu, polimbana ndi anthu a Makanjira.

Kutentha mudzi n'kubwerera ku Zomba sikunatseke njira. Amalonda ankangodikira kuti asilikali achoke. M'pamene Johnston anaganiza zokhazika asilikali panjira penipeni, ndipo atalandira Asikh ena kuchokera ku India mu 1893, malinga awiri aja anamangidwa. Maina ake ndi a Sir Villiers Lister ndi Sir Percy Anderson, akuluakulu a mu ofesi yoona za maiko akunja ku London, amene Mulanje ankangomuona pamapu. Johnston ankadziwa kusamala anthu omulembera makalata a ntchito. Anadzakwatiranso mwana wopeza wa Anderson yemweyo.

Amene akuyembekezera kuona São Sebastião wachiwiri ku Fort Lister adzakhumudwa. Malinga a Johnston ankamangidwa mwachangu, ndi zimene zapezeka pamalopo. La ku Fort Johnston, moyang'anizana ndi mudzi wa Mponda, linayamba ngati chimulu cha mchenga chozungulira ndi ngalande kunja kwake, chokumbidwa m'masiku owerengeka. La ku Mangochi, paphiri la Jalasi, ndilo linadzakhala ndi makoma a miyala amene akuonekabe bwino mpaka pano. Kawirikawiri m'kati munkakhala nyumba ya mkulu wa asilikali, ofesi, mosungira zida ndi chakudya, ndende, ndi mizere ya nyumba za asilikali. Khoma lokhuthala linalibe ntchito, chifukwa mdani wa kuno analibe mizinga yogwetsera makoma. Gogodela amathira onga kukamwa, amachedwa kudzaza, ndipo saponya patali. Mpanda woti munthu abisale kumbuyo kwake akuombera, ndi bwalo lolambulidwa bwino kuti wobwera aonekere patali, zinali zokwanira.

Luso lonse la Fort Lister lili pa kusankha malo. Mpatawo ndi wokwera, uli ndi madzi otsika m'phiri, ndipo kumazizira, zimene azungu ankazifuna pothawa malungo a kuchigwa. Kumanja phiri, kumanzere phiri. Gulu la anthu 100 kapena 200 omangidwa magoli silingadutse malo otere mwakachetechete, ndipo silingathamange. Linga la kugombe linkafunika kupirira miyezi lili lozingidwa. La pampata linkangofunika maso, ndi asilikali okwanira kutsika msanga akamva kuti ulendo wayandikira.

Asilikali ake anali osakanikirana modabwitsa. Panali Asikh a nduwira ndi ndevu zawo, amene chakudya chawo chinkachita kubwera pamitu ya amtengatenga. Panali Amakua olembedwa ntchito kugombe la Mozambique komweko, ndi Atonga a ku Bandawe ndi Nkhata Bay. Johnston ankakonda mitundu itatu, wakuda, woyera ndi wachikasu, imene ankati ikuimira Aafirika, azungu ndi Amwenye akugwirira ntchito pamodzi, ndipo anaiika pa yunifolomu ndi pachizindikiro cha boma lake. Amene ankalamula mwa atatuwo sitichita kufunsa.

Mafumu sanangokhala. Chaka chomwecho cha 1893 munthu wa Nyaserera analowa mu Fort Lister n'kufuna kupha Kaputeni Johnson, mkulu wa asilikali a pamenepo, m'nyumba mwake momwe, ndipo anatsala pang'ono kukwanitsa. Khoma limaletsa khamu, munthu mmodzi wa mpeni amalowa ndithu. Asilikali anabwezera potentha midzi ya Nyaserera. Posakhalitsa Mkanda anadzuka, anthu ake n'kuthira nkhondo mishoni ya Church of Scotland imene inali m'mphepete mwa phiri, ndipo panatenga masiku akumenyana m'matanthwe asanamugonjetse. Matipwiri, amene ankalamulira chakum'mawa kwa phiri ndi kulanda katundu wodutsa, anagonja mu 1895 pamodzi ndi Mthiramanja. Miyezi yotsatira anagwa Jalasi, Mponda ndi Makanjira, ndipo mu Disembala 1895 Mlozi ananyongedwa ku Karonga. Pofika 1896 maulendo akuluakulu a magoli anali atatha.

Apa tisachite manyazi kuyamikira. Ankabera ena mwamseri kwa zaka zingapo, mwana mmodzi kapena awiri ponamizira kuti ndi a m'banja, koma mayi wa ku Thuchila kapena ku Likhubula anayamba kupita kumunda osaopa kuti madzulo agona m'goli. Chimenecho malinga awiriwa anachichitadi.

Koma linga silidya nkhondo tsiku lililonse. Ntchito ya masiku onse inali ina. Munali positi ofesi, ndipo makalata odindidwa dzina la Fort Lister ndi Fort Anderson alipobe m'manja mwa osunga masitampa. Munkaweruzidwa milandu. Koposa zonse munkalandiridwa msonkho. Mzungu woyang'anira boma masiku amenewo udindo wake unkatchulidwa kuti wotolera msonkho, ndipo ntchito yake yaikulu inalidi imeneyo. Msonkho wa nyumba unali mashiling'i atatu pachaka, kwa anthu amene ndalama anali asanaizolowere. Wopanda ndalama ankapereka chimanga kapena nkhuku, apo ayi ankagwira ntchito yolambula msewu ndi kusenza katundu. Wolephera ankamutenthera nyumba, mwina kumugwirira mkazi mpaka msonkho utapezeka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anaukweza kufika mashiling'i 6, koma wogwira ntchito mwezi umodzi kwa mzungu ankalipira theka. Asilikali omwe aja anamasula anthu m'magoli ndiwo ankayenda m'midzi kusaka osakhoma.

Fort Lister inagwira ntchito zaka pafupifupi 10 zokha, kenaka inasiyidwa. Fort Anderson ndiyo inakula n'kusanduka Mulanje Boma. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona kwa aliyense wodziwa mvula ya kuno. Mitambo yochokera kunyanja ya mchere imagunda phiri chakummwera n'kukhuthula madzi ake konko, pomwe mbali ya Phalombe imatsala youma. Henry Brown anabzala tiyi woyamba ku Mulanje mu 1891, ndipo khofi atalephera, minda ya azungu ya kummwera inasanduka ya tiyi. Malo akuluakulu anali atapita kale kwa azunguwo kudzera m'zikalata zimene Johnston anapereka kumayambiriro kwa ulamuliro wake. Boma linatsata kumene kunali minda, ndipo mpata unatsala ndi mphepo yake.

Wofuna kukaona zotsalira kuchokera kuno amakwera minibasi mpaka pa Chitakale, n'kukhotera kumsewu wa ku Phalombe wodzera ku Likhubula. Akafika ku Phalombe amapeza njinga yamoto yomukweza msewu wafumbi wopita pampata. Kuyambira 1998 malowa ali m'boma la Phalombe, limene linapatulidwa ku Mulanje. Okwera phiri amayambira pomwepo ulendo wa ku Sombani, ndipo ambiri amadutsa osadziwa kuti m'tchire la pambali pawo muli linga. Chimene chatsala ndi maziko a nyumba ndi zidutswa za makoma, mitengo itamera pakati pake. Pali manda a Gilbert Stevenson, wogwira ntchito m'boma amene anamwalira mu 1896, msuweni wa Robert Louis Stevenson, mlembi wa Treasure Island. Mabuku a alendo amatchula manda amenewa kuposa china chilichonse cha pamalopo, zimene zimandinyansa pang'ono, poganizira unyinji wa anthu amene anadutsa pamenepo khosi lili pamphanda. Malowa ali m'gulu la zipilala zotetezedwa ndi boma, ndipo mu 2011 Malawi inawaika pamndandanda wa njira za akapolo zimene ikufuna kuti UNESCO izivomereze, pamodzi ndi Nkhotakota, Karonga ndi Mangochi. Phiri la Mulanje lenilenilo linavomerezedwa mu 2025. Chilumba chimene pali São Sebastião chinalandira ulemu umenewo kalekale, mu 1991, chaka chimene napolo wa ku Michesi anakokolola anthu mazanamazana ku Phalombe.

Mbiri ya m'mabuku a sukulu imathera pa kutha kwa ukapolo, koma ya m'nyumba zambiri za pa Chinakanaka imayambira pomwepo. Njira ziwiri zija sizinatsekeke. Zinangotembenuka. Anthu anasiya kutuluka n'kuyamba kulowa. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Apwitikizi atayamba kukhwimitsa ulamuliro wawo kumtunda, Alhomwe anayamba kuoloka malire, mabanjamabanja, kuthawa njala, msonkho ndi ntchito yokakamiza. Kalembera wa 1921 anapeza Alhomwe oposa 120,000 m'dziko muno, ndipo wa 1945 anapeza oposa 370,000.

Agogo anga aakazi anabadwira kuno, koma amayi awo anachita kuoloka ali mtsikana. Za Fort Lister agogo sankazidziwa, za Johnston ayi. Chimene ankachidziwa ndi mbalamatodya. Ankatambasula dzanja lawo n'kundionetsa mmene amayi awo ankafotokozera: thabwa lokhuthala la chogwirira, lobooledwa timabowo kumutu kwake, limene msilikali wa Apwitikizi ankamenya nalo m'chikhatho. Timabowo tija tinkayamwa mnofu, dzanja n'kutupa mpaka kuphulika, munthu osagwiranso khasu kwa milungu.

"Ndiye anangonyamuka, agogo?" ndinkafunsa.

"Akanadikira chiyani, mdzukulu wanga? Anayenda usiku, mphika pamutu, mbewu ya kalongonda atamanga pansalu. Kutacha anali ataoloka."

Ataoloka anapeza kuti malo abwino ali ndi eni ake. Ena anakakhala pansi pa mafumu a Chiyao ndi a Chimang'anja, amene anawalandira chifukwa mudzi waukulu ndi ulemu, komanso manja olima. Ambiri analowa m'minda ya azungu, kumene anakumana ndi thangata: mwezi umodzi wogwirira malo okhala, mwezi wina wogwirira msonkho, ndipo mwezi wa kapitawo sunkatha pa masiku 30. Ankaugwiritsa nthawi ya dzinja, pomwe munda wa mwini wake ukufuna khasu. Mlendo wothawa mbalamatodya sakanadandaula, chifukwa yankho linali loti abwerere kumene anachokera. Tiyi wa ku Mulanje ndi Thyolo anakula pamisana ya anthu amenewa, ndipo ambiri mwa amene anatsata John Chilembwe mu 1915 anali ochokera m'mabanja otere. Chilembwe mwini wake anaphedwa m'boma la Mulanje la nthawiyo, pa 3 Febuluwale 1915, akulowera kumalire omwewo. Njirayo inadzadzazanso mu 1986, nkhondo ya Renamo ndi Frelimo itafika ku Milange, anthu zikwizikwi n'kuolokera ku Muloza ndi mitolo pamutu.

Lero zidzukulu za oolokawo ndizo zachuluka m'boma lino, ndipo chaka ndi chaka mu Okutobala zimasonkhana pa Chonde, pafupi pomwepa, pamwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Zakwatirana ndi Ayao ndi Amang'anja mpaka kuti m'nyumba imodzi muli magazi a wogulitsa, a wogulitsidwa ndi a wothawa. Mwina n'chifukwa chake nkhani ya magoli sitiikamba kawirikawiri pabwalo. Umayamba kutukwana mfumu yakale, kenaka n'kuzindikira kuti ukunena agogo a apongozi ako.

Nanga mafumu aja anathera kuti? Angerezi atatha kuwagonjetsa anazindikira kuti kulamulira ndi asilikali n'kodula. Mzungu mmodzi ndi apolisi ochepa sakanatha kuwerenga nyumba zonse kuyambira ku Thuchila mpaka ku Muloza, makamaka alendo akulowa usiku uliwonse. Pankafunika munthu wodziwa mudzi uliwonse, woopedwa kale, woti akalankhula anthu amve. Anthu otero analipo, ndipo anali omwe aja anawathamangitsa ndi mfuti. Lamulo la 1912 linakhazikitsa mafumu akuluakulu othandiza boma kusonkhetsa msonkho ndi kusunga bata, ndipo la 1933 linawapatsa mabwalo awoawo a milandu. M'madera ambiri a kuno mipando imeneyo inapita kumabanja a Chiyao, ngakhale kumene Alhomwe anali atachuluka kale kuposa wina aliyense. Ntchito imene inkagwiridwa ndi khoma ndi Msikh wa mfuti inasamukira pakhonde la mfumu, ndipo inkayenda bwino kuposa kale, pamtengo wotsika. Mpaka lero munthu wa kumunsi kwa phiri kuno akakhala ndi mlandu wa malire a munda umene wakanika kwa nyakwawa ndi kwa gulupu, amavala jekete lake n'kupita nawo kwa Chikumbu, kwa Mkanda kapena kwa Mthiramanja.